Nyemba za Masika, Nyemba za Chisanu

Lolemba, 7 Epulo 1913, ku Lobi

Nkhuku 14. Mbuzi 3. Masingano 6, imodzi yopindika. Zonse zilipo.

Kalata ya mwana wanga Filipo yafika dzulo kuchokera ku Chinde, kumene Zambezi amathira m'nyanja yamchere. Iye amapala matabwa kumeneko, okonzera sitima za pamadzi. Kalatayo yayenda masiku 34. Ili ndi mizere 14. Mfundo zake ndi izi:

1. Mkazi wake Marita wachira. Mwana ndi wamwamuna, wa mu Januwale.
2. Ndipite ndikamuone, masika ano kapena pa chisanu. "Musankhe nokha, Amayi."
3. Ku Chinde mtsinje unagawikana ngalandengalande. Kwa mnzako umapita pa bwato. Kumsika, bwato. Kumaliro, bwato.
4. Mwana sanabatizidwe, ndipo alibe dzina. Anansi akungomuitana Sitima, chifukwa cha kaliridwe kake.
5. Mzere wa 11, mawu 7: "Agogo amene ayambe kufika ndiwo atchule dzina."

Sitima! Mdzukulu wa malemu amuna anga aSimeoni, amene anaphunzitsa mudzi uno kulemba kwa zaka 15, azidziwika ndi dzina la chinthu chofuka utsi! Iyayi. Mwanayo ndi Simeoni. Ndikanena ndekha ndi pakamwa pangapa.

Koma agogo tilipo awiri. Enawo ndi asewere anga aNabanda, amake Marita, a nyumba ya kuseri kwa nthochi, mapazi 212 kuchokera pakhomo panga. Kuwerenga sadziwa. Abwera m'mawa, akhala pamphasa, ndawawerengera kalata. Ndawerenga mizere 13. Kudumpha si kunama. Ndayang'ana m'Malamulo Khumi, mulibe.

Nthawi yonseyo maso awo anali pa chala changa, osati pankhope panga. Anthu osaphunzira amatero. Ati, "Zikomo, asewere," nanyamuka.

Tsopano kusankha nyengo. Ulendo si waung'ono: wapansi mpaka ku Kabula, njanji mpaka ku Nsanje, kenako sitima ya pamadzi. Ine ndinaphunzira zaka 6 ku mishoni, ndi kusunga masileti zaka 11 osataya ndi limodzi lomwe. Nkhani yotere sindingaigamule ndi mtima. Igamulidwa ndi samu.

Malamulo:
Zikho ziwiri m'kanyumba kosungira mbewu. Cha kumanja masika, cha kumanzere chisanu.
Chifukwa chimodzi, nyemba imodzi. Chifukwacho chilembedwenso kumbuyo kwa buku lino.
Kuwerenga ndi m'mawa uliwonse, pobwera ku mapemphero.
Chikho chikaposa chinzake ndi nyemba 5, mlandu watha.

Eneresi, mwana wanga wamkazi amene amandiphikira, wati, "Amayi, nyembazo ndi za mbewu." Ndamuuza kuti zibwerera.

Zina za masika: mtsinje ndi wodzaza, sitima siititimira mumchenga. Kamba ndi wosasowa, maungu, nzimbe, mtedza wauwisi. Mawondo anga sagwirizana ndi Juni. Zina za chisanu: mitsinje ya m'njira imawolokeka osavula nsalu. Udzu wautali wagwa. Amuna awiri a mumpingo amene alonjeza kundinyamulira katundu adzakhala atakolola.

Dzuwa lisanapendeke: masika 11, chisanu 6. Kusiyana 5! Tsiku limodzi lokha! Anthu ena nkhani ngati iyi amazunguzika nayo mwezi. Mawa ndingotsimikiza, basi ndiyambe kutsazika.

Lachiwiri, 8 Epulo

Nkhuku 14. Mbuzi 3.

Pobwera ku mapemphero: masika 11, chisanu 11.

Ndakhuthulira pa lichero. Ndawerenga katatu, kamodzi kuyambira kumapeto. 11 ndi 11. Buku likuti chisanu 6.

Nkhuku imachotsa nyemba, siiwonjezera. Mbewa chimodzimodzi. Eneresi akuti m'kanyumbamo sanalowe, ndipo Eneresi akanama khutu lake limagwedezeka. Silinagwedezeke.

Ndaganiza mofatsa. Nyemba siinama. Ngati ili m'chikho, ndinaiponya ndine, ndipo chifukwa chake chilipo, kungoti sindinachilembe. Choncho ntchito yanga ndi kukumbukira zifukwa 5 za chisanu. Ndazipeza zonse nthawi ya nkhomaliro isanakwane:

Njoka zimagona.
Mazira saola msanga.
Thukuta lochepa, kuchapa kochepa.
Ntchentche nazo zimamva chisanu.
Julayi ali ndi masiku 31, ndiye pali malo.

Chomalizachi nchofooka, ndikudziwa. Koma chakwana. Mutu uwu ukadali mutu!

Masana abwera alamu anga aChidzanja, achimwene a malemu. Anali amtengatenga, ndipo anafika ku Chinde kamodzi, zaka 12 zapitazo, bokosi lili pamutu. Nkhani imeneyo ndaimva ka 41. Lero ndaimvetsera koyamba, buku lili pamiyendo.

"Alamu, pa masika musayerekeze. Udzudzu wa kumeneko umayamba wakufunsa malonje, kenako nkuitana abale ake."

Apereka zifukwa 8 za chisanu, 5 mwa izo ndi udzudzu m'njira zosiyanasiyana. Ndazilandira, chifukwa udzudzu wa pa sitima si udzudzu wa pa doko. Za masika apereka 2 zokha: pa chisanu sitima imakhala pamchenga masiku atatu, ndipo ng'ona zimabwera kudzaonerera.

Kenako, pamaso pa amayi onse amene anali kutong'ola chimanga pakhonde, anena chinthu chimene sanayenera kunena.

"Ku Chinde kulibe mwala. Ngakhale wonolera mpeni. Mchenga ndi madzi basi. Nkhuni kulibe, tsiro lozirira nyumba kulibe."

ANabanda, amene anali kumapeto kwa mphasa, afunsa, "Nanga Marita amaphikira pa chiyani?"

Masika 13, chisanu 19. Kusiyana 6! Kuposa dzulo ndi imodzi. Ndiye kuti ndi chisanu, ndipo ndakondwa kuti sindinatsazike aliyense. Munthu wopupuluma bwenzi pano ali m'njira akudyedwa.

Lachitatu, 9 Epulo

Nkhuku 14. Mbuzi 3. Ndaziwerenga kawiri.

Masika 19, chisanu 19.

Ndakhala pansi m'kanyumbamo nthawi ndithu. Amayi anga anayamba chonchi. Mchere ankausunga m'nkhokwe, mbuzi ankaziitana maina a ana awo. Ngati ndikuponya nyemba 6 osadziwa, ndidzafika ku Chinde nkuiwala dzina limene ndapitira. Adzati, "Agogo, tchulani," ine nkuti, "Sitima."

Ndadziyesa mayeso. Kuchulukitsa kwa 7, mpaka 84: bwino. Mabuku 27 a Chipangano Chatsopano, kupita ndi kubwerera: bwino. Ana onse amene aSimeoni anawakwapula, ndi chimene analakwa: bwino. Nanga vuto lili pati?

Zifukwa 6 za masika ndazipeza, koma movutikira. Chachisanu ndi chimodzi ndi chakuti mapira amaoneka bwino m'njira.

Kuyambira m'mawa anthu akubwera ndi kamba. Mawu a alamu anga azungulira mudzi wonse, ndipo aliyense akufuna kupulumutsa Marita. Kamba sakanidwa. Umalandira ndi manja awiri, nkuthokoza. Zimene ndathokoza lero:

Mafuwa 3, osalala bwino, ochokera kuphiri. Abweretsa aNabanda, limodzilimodzi, maulendo atatu.
Mafuwa ena 3, ochokera kwa akazi a aphunzitsi, "poti mwina enawo angasweke."
Mitolo ya nkhuni 4.
Dengu la tsiro 1.
Mabulangete 2. Akuti pamtsinje wathu m'mawa wa Juni dzanja limauma, nanga mudzi wonse uli m'madzi?
Madengu 2 a mbatata ya kachewere.
Mfutso, chikwatu chachikulu 1.
Mwala wa mphero 1. Mwana wa mpheroyo akuti abwera naye mawa.
Tambala 1, wolusa.

Onyamula katundu ndili nawo 2.

Koma pa chilichonse munthu wa samu amapindula. Aliyense wobwera ndi katundu ndamulipiritsa chifukwa chimodzi, kupatula aNabanda, amene ankangotula fuwa nkubwerera. Anthu 11, zifukwa 11: masika 8, chisanu 3. Akazi a aphunzitsi akuti masika, chifukwa pa chisanu akufuna ndiwasokere madiresi. Ndalemba. Chifukwa ndi chifukwa.

Masika 27, chisanu 22. Kusiyana 5.

Ndipo pano nzeru yandifikira. Ndatenga peni ndi inki ya malemu, ndadontheza kadontho pa nyemba iliyonse. Nyemba 49, madontho 49. Zala zanga zada mpaka m'zikhadabo. Eneresi wati, "Amayi, tsopano mukuziphunzitsa kulemba?" Aseke. Mawa tiona.

Lachinayi, 10 Epulo

Nkhuku 14, kuphatikiza tambala wa kamba 15. Mbuzi 3.

Masika 27, chisanu 27. Zopanda kadontho: 5!

Aleluya! Si mutu wanga! Ndatuluka m'kanyumba ndikuimba, mpaka mbuzi zathawa. Amayi anga apume mumtendere, matenda awo anapita nawo okha. Ine ndili bwinobwino. Kungoti muli mbala m'mudzi muno, mbala yachilendo, yosiya m'malo motenga.

Kukonza buku. Nyemba zabodza: 5 za Lachiwiri, 6 za Lachitatu, 5 za lero, zonse 16. Ndazimanga m'kansalu ngati umboni. Zifukwa 11 zimene ndinazikumbukira popanda kuziiwala ndazikhwatcha. Cha njoka chandipweteka, chinali chabwino. Chiwerengero choona: masika 21, chisanu 17.

Oganiziridwa:

Eneresi. Safuna ndipite, chifukwa mbuzi zidzatsala ndi iye. Koma khutu.
Alamu anga. Bola ndisasankhe, ali ndi womumvetsera. Koma samadzuka dzuwa lisanafike pamutu pa nkhokwe, ndipo mbalayi imalowa ine ndili ku mapemphero.
Akazi a aphunzitsi. Amakhala benchi limodzi ndi ine.
Tambala. Wabwera dzulo lomwe.

Mbala imawonjezera chikho chimene chatsalira. Ndiye kuti ilibe mbali. Sikufuna masika, sikufuna chisanu, ikufuna ndikhale pano. Ndipo imadziwa kuwerenga mpaka 6.

Msampha umafuna nyambo. Ndayenda mudzi wonse kufunsa anthu amene anadwalapo malungo. Ndapeza 9. Onse 9 ati chisanu, wina asanamve ndi funso lomwe. Umboni wabwino, wa anthu odziwa. Masika 21, chisanu 26, zonse za madontho. Kusiyana 5. Mbala siingapirire.

Madzulo dzuwa likadalipo ndasefa phulusa ndi sefa ya ufa, kuyambira pakhomo pa kanyumba mpaka pa zikho, mopyapyala ngati nkhungu. Ndatuluka chobwerera m'mbuyo. Eneresi wandipeza ndili chowerama, sefa ili m'manja. Sanafunse kanthu. Wayamba kukula.

Katundu wa lero: mwana wa mphero 1, mitolo ina 2 ya nkhuni, mtsuko 1 wa madzi a pachitsime chathu. Akuti a ku Chinde ndi amchere. Mudzi wa madzi, ndipo ndikupita ndi madzi!

Lachisanu, 11 Epulo

Nkhuku 15. Mbuzi 3. Masingano 6, imodzi yopindika.

Mapemphero lero anatalika. Aphunzitsi anapempherera ndi mvula ya chaka chamawa yomwe. Ine mtima uli ku phulusa.

Masika 26, chisanu 26. Zopanda kadontho 5. Ndipo pa phulusa, mapazi: olowa 4, otuluka 4. Ndagwada, ndavala mandala. Phazi lakumanzere, zala 5. Phazi lakumanja, zala 4.

Zinayi!

M'mudzi muno muli mapazi akumanja 163. La zala zinayi ndi limodzi. Chala chaching'ono cha aNabanda chinapita chaka cha matekenya. Ndikudziwa chifukwa ndine ndinkawazula matekenyawo, ndipo singano yanga yopindikayo inapindikira momwemo.

Asewere anga! Amene ndinawalandira ndi nkhuku pa chinkhoswe! Amene ndimawabwereka sefa!

Zonse zaoneka poyera tsopano. Winawake anawauza za mzere wa 11. Akufuna ine ndizingowerenga nyemba kuno, iwo ali pa bwato. Ndatuma Eneresi akabwereke moto, ngakhale wathu ukuyaka, kuti akaone. Wabwera ndi mfundo zitatu:

1. Ufa wayanikidwa pamphasa ziwiri.
2. Mtedza ukukazingidwa, wambiri woposa wa munthu wokhala pakhomo.
3. Mlongo wawo, kapitawo wa amtengatenga, anyamuka Lachiwiri ndi anthu 30 kupita ku Kabula. Anali komweko akudya maungu.

Lachiwiri! Ndikanachedwa masiku 4, mdzukulu wanga akanatchedwa dzina la malemu amuna awo, amene mudzi uno umawakumbukira pa chinthu chimodzi, ndipo chinthucho chimaphikidwa mumbiya.

Koma ndawagwira. Popanda kufuula, popanda woombeza, popanda kudzutsa mudzi. Inki, phulusa, ndi samu. Aphunzitsi akanakhala anzeru akanaiika nkhaniyi pa bolodi kuti ana aphunzire.

Ndakonza mawu okanena mawa, mfundo 7. Yoyamba ndi malonje. Yachiwiri nyemba. Yachitatu phazi. Yachisanu ndi chiwiri ndi kukhululuka, ngati apempha bwino. Ndaziyeserera pamaso pa mbuzi. Pa mfundo yachinayi imodzi inasiya kudya.

Alamu anga adutsa kudzafunsa ngati ndasankha. Ndati chisanu, 26 kwa 21, ndipo palibe apilo. Ayamba nkhani ya bokosi. Ka 43, chifukwa dzulo anainenanso.

Loweruka, 12 Epulo

Nkhuku sindinaziwerenge m'mawa. Ndaziwerenga masana. 15.

Mapazi 212, nditavala nsalu ya Lamulungu. M'manja buku, kalata, ndi kansalu ka nyemba 21. Ndawapeza akupeta mtedza.

Mfundo yoyamba yayenda bwino. Pa yachiwiri ndamasula kansalu nkuyala nyemba pamphasa. Aziyang'ana.

"Ndi zanga, asewere. Zabwino, eti? Sizifumbwa."

Yachitatu sindinafike. Atambasula okha mwendo wakumanja nkuuika patsogolo panga.

"Phulusalo ndinaliona. Ndinati ndipondepo bwino, musavutike."

Ndati ndikudziwa zonse, za kapitawo, za ufa, za Lachiwiri. Ndati sibwino kuthamangira dzina ngati nyama ya pamaliro. Andiyang'ana ngati ndalankhula Chizungu.

"Dzina lanji?"

Kenako aika lichero pansi.

"Asewere, ine kuwerenga sindidziwa. Koma Lolemba chala chanu chinkayenda bwinobwino, mzere ndi mzere, ndiye pafupi ndi pansi chinalumpha ngati munthu waona linthumbu. Munthu salumpha mzere wabwino. Ndiuzeni. Marita wanga ali moyo?"

Ndinawerenga mumtima mpaka 30.

Masiku 5 akhala akuganiza kuti mwana wawo akudwala, kapena wapita, ndipo ine ndikuwabisira chifukwa cha chisoni. Ufa ndi mtedza zinali zoti apite okha ngakhale chokwawa. Nyemba zinali zoti ine ndisachoke ndi mzerewo m'thumba. Ndafunsa kuti bwanji sanangondifunsa.

"Msewere angafunse mnzake kuti mwabisa chiyani? Si ulemu. Ndinati ndingokutsekerezani pakhomo mpaka munene nokha. Ndinati mwina pofunsa anthu zifukwa mufika kwa ine, tiyambire pomwepo. Mwafunsa mudzi wonse. Mwafunsa ndi aChidzanja omwe."

Ndatsegula buku. Ofunsidwa 21. Dzina lawo mulibe.

Ndatenga kalata, ndaika chala pa mzere wa 11, ndawerenga mawu onse 7. Andiuza ndibwereze. Ndabwereza. Kenako ndawerenganso mzere woyamba, wakuti Marita wachira, kawiri, osapemphedwa.

Analira kaye. Kenako kuseka, mpaka nkhuku zawo zabwera pa mtedza osaziona.

"Dzina! Ndaonda chifukwa cha dzina! Tengani, asewere. Ine ndikanamutcha chiyani? La malemu amuna anga? Mwanayo akanayamba kupempha chikho asanamere mano."

Simeoni! Zatheka! Popanda ndi kukwera bwato komwe! Ndalemba tsiku ndi nthawi, dzuwa lili pamwamba pa nthochi yachitatu.

Pamenepo mtima unasefukira, ndipo ndinalakwa. Ndinati tipitire limodzi. Ndinati samu yagamula kale, tinyamuka mu Julayi. Ndinawatenga kukawaonetsa zikho, kuti aone okha mmene nkhani imayendera ikayendetsedwa bwino. 26 kwa 21.

Anayang'ana zikho. Anafunsa kuti mu Julayi mwana adzakhala ndi miyezi ingati. Ndinati 6, pofika ife pafupifupi 7.

"Mwana wa miyezi imeneyo amatembenuka akamva dzina lake. Inu mudzati Simeoni, iye ali phee. Wina adzati Sitima, iye cheu."

Ndinati chimenecho ndi chifukwa chabwino, chiyenera nyemba imodzi, masika 22. Ndinapita kukatenga nyembayo.

"Ayi, asewere. Changachi si cha nyemba."

Anatuluka, anabwera ndi fuwa limodzi mwa atatu awo aja, naliika m'chikho cha masika.

Chikhocho chili zidutswa 9.

Lamulungu, 13 Epulo

Nkhuku 15. Mbuzi 3. Chikho 1.

Tinyamuka Lachiwiri, ndi kapitawo. Pa masika. Ndi udzudzu wa malonje uja.

Ndayang'ana malamulo anga a Lolemba. Akuti chifukwa chimodzi, nyemba imodzi. Za mwala sakunena kanthu. Polemba malamulo ena ndidzakumbukira. Chisanu chinapambana moona, 26 kwa 22, ndipo buku lino lidzachitira umboni kwa aliyense wofuna kudziwa. Mpaka pano palibe wafuna.

Kapitawo wabwera titaweruka kutchalitchi kudzaona katundu. Wayang'ana mulu wonse, wavula chipewa, wachivalanso. Akuti amuna awiri a mumpingo aja anyamula mitolo iwiri, osati mudzi. Pa mabulangete waseka mpaka kutsamira nkhokwe. Akuti ku Chinde, ngakhale mu Juni, munthu amagona atafunda thukuta lake lomwe. Alamu anga ati zimenezo anaiwala kunena.

Zopita: mafuwa 3, chifukwa asewere akuti akatsala iwonso atsala. Mtolo umodzi wathera pomwepo. Wachiwiri: ufa, mtedza, mfutso, nsalu, bulangete 1 la pa phiri la Dedza, buku lino. Tambala ayenda m'khwapa mwanga.

Zotsala: mafuwa 3, nkhuni mitolo 6, tsiro, bulangete 1, mbatata, mphero ndi mwana wake, mtsuko wa madzi. Kamba sabwezedwa. Eneresi akuti chisanu cha chaka chino sichimuopsa, ndipo khutu silinagwedezeke.

Ndatsazika nyumba 31. M'nyumba 9 za odwala malungo andiyang'ana ngati sadzandionanso. Akazi a aphunzitsi afunsa ngati ndidzakhala nditabwera nthawi ya madiresi.

Kanthu kamodzi kanandivuta. Kalata ikuti woyamba kufika. Asewere madzi amawaopa, ngakhale a pamtsinje wathu amawoloka atatsinzina. Munthu wotere bwato likangogunda mtunda ndiye amayamba kudumpha. Ndawauza zimenezi poyera, poti za kudumpha mizere ndasiya.

"Ndikatsika ndine, ndidzangoti Simeoni. Inu muzidzawerenga masitepe."

Ndavomera. Ndawapatsanso singano imodzi ya pa ulendo. Asankha yopindika ija, akuti amadziwana.

Masana Eneresi wakhuthulira nyemba zonse mumphika wa ndiwo, zanga 47 ndi za asewere 21, pamodzi ndi zina za m'dengu. Ndinamukumbutsa kuti ndi za mbewu. Wati zabwerera, monga ndinalonjeza. Msuzi unada pang'ono chifukwa cha inki.

Tadyera mbale imodzi, ine ndi asewere, pakhonde. Sabata yathunthu ya ntchito, ndipo pakamwa sungasiyanitse ya masika ndi ya chisanu, yoona ndi yabodza. Ati, "Idyani, asewere, musawerenge." Ndawauza kuti zowerenga ndapumula mpaka ku Chinde.

Iwo adya 58. Ine 44.